MABULEKI A KUTSOGOLO AYENERA KUGWIRA KOPOSA A KUMBUYO

Pa chilumba cha Likoma galimoto n'zowerengeka, koma zomwe zilipo zimasenza zambiri: matumba a chimanga ochokera kumtunda, usipa wouma, simenti ndiponso odwala opita ku chipatala cha St Peter's. Misewu yambiri ndi yamchenga ndi miyala, ndipo ana asukulu amayenda momwemo. Chitsulo chikafa, china chimabwera pamadzi kuchokera ku Nkhata Bay kapena Mzuzu, ndiye makaniko amakopeka kuikamo chilichonse chimene chapezeka. Pa mabuleki, chizolowezi chimenechi chingathe kuphetsa anthu.

MMENE BULEKI IMAGWIRIRA

Woyendetsa akaponda buleki, phazi lake limakankha kampopi kotchedwa master cylinder. Kampopika kamakankha mafuta a mabuleki m'timapaipi kufikira ku mawilo onse anayi. Galimoto zamasiku ano zili ndi zipinda ziwiri m'kampopika, kotero kuti paipi imodzi ikaboka, mawilo awiri amagwirabe.

Tsono tamverani chinthu chachikulu. Galimoto ikamaima, kulemera kwake kumathamangira kutsogolo, monga momwe okwera bwato amagwera kutsogolo bwato likakhudza mchenga. Mawilo akutsogolo amakanikizika pansi, akumbuyo amapepuka. Chifukwa chake mabuleki akutsogolo ndiwo ayenera kugwira ntchito yaikulu. Akumbuyo akayamba kumanga, matayala amakhukhuluzika, ndipo mbuyo ya galimoto imatembenukira kutsogolo woyendetsa ali chigwirire chiwongolero.

PHUNZIRO LA GALIMOTO ZOLUMIKIZA PAKHOMO

Anthu a pa Likoma akudziwa kuti sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, nkubwera m'zidutswa, nkulumikizidwa kuno, ndipo inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Ku England kulinso galimoto zogulitsidwa m'zidutswa chotero, kuti mwini alumikize yekha. Yotchuka ndi Lotus Seven, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1957.

Ambiri olumikiza galimoto zotere amaika timipopi tiwiri, kena ka kutsogolo, kena ka kumbuyo, ndipo pakati pake pamakhala kachitsulo kopingasa kokhala ndi mazinga. Akakapotokola, mphamvu ya phazi imapendekera mbali imene akufuna, monga mtengo wosenzera anthu awiri: amene katundu wamuyandikira ndiye amalemedwa.

Anthu amenewa aphunzira chinthu chodabwitsa: kampopi kochepa ndiko kamakankha mafuta mwamphamvu. Ka inchi 5/8 kamaposa ka inchi 3/4 ndi magawo 44 pa 100 aliwonse, phazi likaponda chimodzimodzi, koma chopondera chimatsika patali. Kakakulu kamalimbitsa chopondera, woyendetsa nkumaganiza kuti buleki ili bwino, chonsecho mawilo sakugwira mokwanira. Motero musalole kuika master cylinder wa galimoto ya mtundu wina chifukwa chakuti mabowo a mabawuti agwirizana. Tengani wakaleyo, mupite naye kogula. Safunsa anadya phula.

KWA ENI GALIMOTO ZA KATUNDU

Galimoto zambiri zonyamula katundu zili ndi kachipangizo pafupi ndi mawilo akumbuyo, kolumikizidwa ndi kasipulingi. Galimoto ikalemedwa, kamawonjezera mphamvu kumbuyo. Ikakhala yopanda kanthu, kamachepetsa. Ena amakachotsa kakayamba kudontha. Galimoto yotere imaoneka yabwino ili ndi matumba, koma pobwerera yopanda katundu, pamtsetse wamchenga, mbuyo imavina.

ZOTI MUCHITE

1. Thirani mafuta a mabuleki okhaokha, a mtundu wolembedwa pachivundikiro, monga DOT 3 kapena DOT 4. Oyilo wa injini amatupitsa timalabala ta m'kati, buleki nkufa.

2. Mafutawa amamwa chinyezi, ndipo kunyanja kuno chinyezi n'chambiri. Asintheni pakapita zaka ziwiri, ndipo botolo lizikhala lotseka zolimba.

3. Chopondera chikafewa ngati chinkhupule, mwalowa mpweya. Pouchotsa pamafunika anthu awiri, wina kuponda, wina kumasula kanati ka pawilo, ndipo kawirikawiri amayambira wilo lakutali ndi kampopi.

4. Chopondera chikamatsika pang'onopang'ono phazi lili pomwepo, timalabala tatha kapena penapake pakudontha. Galimoto isayende.

5. Mukakonza, yesani pamalo athyathyathya popanda anthu, mukuyenda pang'ono. Pondani mwamphamvu, tsikani, muone mizere pamchenga. Mawilo akutsogolo ndiwo ayambe kukhukhuluza, ndipo kumanja ndi kumanzere kufanane.

A NJINGA ZAMOTO NAWONSO

Njinga zamoto zokhala ndi buleki ya mafuta kutsogolo zili ndi kampopi komweka pachogwirira cha kumanja. Pamenepa wogawa mphamvu ndi wokwera mwini, ndi dzanja ndi phazi. Gwirani mabuleki onse awiri, koma pamchenga finyani yakutsogolo modekha, chifukwa wilo lakutsogolo likamanga, njinga imagwa pomwepo.

Inu okwera, musachite manyazi kufunsa woyendetsa kuti mabuleki anayesedwa liti. Ulendo wochedwa ndi tsiku limodzi suposa moyo wa mwana amene ali m'mbali mwa msewu.