Kukunga ndi Kuwamba: Aneni a Ntchito Yokonza Ng'oma Yakale m'Chichewa

1. Mau Oyamba

Ng'oma yakale ikagwa m'manja mwa wogulitsa ziboliboli m'tauni, amaipala, kuikhoma misomali ndi kuipaka vanishi kuti iwale. Ng'oma yomweyo ikapita kwa mmisiri wa kumudzi, funso lake limakhala lina: kodi idzaliranso? Kwa Achewa ng'oma ili ndi mau, ndipo kuikonza ndiko kuibwezera mau akewo. M'nkhani ino titsata ntchito imeneyi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, maso athu ali pa aneni amene amisiri amatchula. Mfundo yathu ndi yakuti aneniwa samveka bwino akachotsedwa m'ndondomeko ya ntchito, ndipo wofananiza zilankhulo akawatola mmodzimmodzi angathe kusokera.

2. Dzina la Ng'oma

Tiyambe ndi dzinalo. Ng'oma ndi dzina la m'gulu la I-Zi, lochokera ku tsinde lakale la Chibantu *-goma. M'Chiswahili ndi m'Chishona amati ngoma, koma m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chibemba liwu la g linasuluka, nkutsala la m'mphuno lokha. Uku ndi kusintha kumene Carl Meinhof anafotokoza mu 1913: ng amasanduka ng' ngati phatikizo lotsatira lilinso ndi liwu la m'mphuno. Ndicho chifukwa chake timati ng'oma, ng'ombe, ng'ona, koma nguluwe. Tsinde lomweli linalowanso kachiwiri m'dziko muno ndi Angoni, amene anawoloka Zambezi mu 1835, ndipo gule wao ndiye ngoma kapena ingoma. Tikumbukirenso kuti ngoma ndi nyama yam'tchire ya nyanga zopotana. Choncho kachizindikiro ka pa ng' sikokongoletsa ai.

3. Kuonongeka ndi Kupasula

Titenge ng'oma imodzi mwa za Gule Wamkulu, monga mbalule kapena mpanje, imene yakhala zaka zambiri osaombedwa. Thupi lake ndi thunthu limodzi, la mlombwa kapena la mtondo, losemedwa ndi kubooledwa. Chikopa chinamangidwa kumutu kwake ndi zikhomo za mtengo. Mmisiri akaiona amanena kuti chikopa chang'ambika, thupi lang'aluka, zikhomo zakhwefuka, phula lamatuka, ndipo pena pabooka chifukwa cha kufumbwa. Aneni onsewa satchula wochita. Ng'oma imaonongeka ngati yokha, ndipo mmisiri safunsa amene anailakwira.

Akayamba ntchito, aneni omwewo amatembenuka. Iye amamatula phula lakale, amakhwefula zikhomo, nazizula chimodzichimodzi kuti mabowo ake asakule. Apa tikuona mapasa a -ul- ndi -uk-: matula ndi matuka, khwefula ndi khwefuka, ng'alula ndi ng'aluka, boola ndi booka. Woyamba amafuna munthu wochita, wachiwiri safuna. Tionenso kuti -ol- ndi -ok- amabwera pokhapokha tsinde likakhala ndi o. Pambuyo pa e timapezabe -ul-, monga mu khwefula ndi tsegula.

4. Thupi ndi Chikopa

Chikopa chikachoka, mmisiri amagogoda thupi kuti amve ngati mtengo udakali wolimba. Pofumbwa amapala ndi sompho kapena mpeni mpaka afike pa mtengo wabwino. Ming'alu amaimata ndi phula la njuchi kapena utomoni, chifukwa mpweya ukamatulukira m'mbali ng'oma imalira mosasa. Mlomo wa ng'oma, pamene pamagona chikopa, amausalaza, popeza kansonga kakang'ono kangathe kudula chikopa chatsopano. Kenaka amadzoza thupi lonse mafuta a nsatsi. Mafuta amalowa mu mtengo, pamene vanishi amangokhala pamwamba. Misomali nayo imachita dzimbiri ndi kudya chikopa, pamene chikhomo chingazulidwe ndi kubwezedwanso.

Chikopa, cha ng'ombe kapena cha mbuzi malinga ndi kukula kwa ng'oma, amachiviika m'madzi mpaka chifewe. Chikadali chonyowa amachiyala pamlomo, nakhoma chikhomo mbali ino, china mbali inayo, kukoka ndi kukhoma mozungulira kuti chilimbe mofanana ponseponse. Ntchito imeneyi ndiyo kukunga ng'oma. Chikauma chimadzikoka chokha, ndipo ubweya amaupala pamalo pomenya manja.

5. Mau a Ng'oma

Ng'oma yokungidwa siinathe kukonzedwa. Yatsala kupatsidwa mau. Njira zake ndi ziwiri zotsutsana. Kumata phula pakati pa chikopa kumachilemeretsa, ndipo mau amatsika. Phula limeneli ena amaliumba ndi nsatsi zosinja, monga amachitira oomba ng'oma za likhuba ku Chigwa cha Shire, zimene Hugh Tracey anazijambula mau m'zaka za m'ma 1950. Kuyandikiza ng'oma kumoto kumachotsa chinyontho, chikopa nkukungika, mau nkukwera. Uku ndiye kuwamba ng'oma, ndipo kumachitika nthawi iliyonse gule asanayambe. Wowamba mopitiriza amaononga ntchito yonse. Akulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Pamenepa ndi pamene pali msampha. M'Chiswahili kuwamba ngoma ndi kukoka chikopa ndi kuchimanga pa ng'oma, ntchito imene ife timati kukunga. Aneni awiriwa, wa Chiswahili ndi wa Chichewa, achokera ku tsinde limodzi, *-bamb-, kutanthauza kutambasula chikopa ndi kuchikhomera zikhomo. M'Chiganda kubamba kudakali ndi tanthauzo lomwelo, ndipo w wa m'Chichewa, amene kale tinkalemba ŵ, ndi mwana wa *b. Ife tikuganiza kuti tanthauzo linasuntha chifukwa cha nyama ndi nsomba, zimene zimatambasulidwa pamoto kuti ziume: poyamba mneni ankanena za kutambasulako, pambuyo pake anatsalira pa moto. Wofufuza amene angalembe wamba ng'oma ndi wamba ngoma pa mzere umodzi adzayesa kuti wapeza mau ofanana, chonsecho wina ndi ntchito ya mmisiri pa chikopa chonyowa, wina ndi ya woomba pa chikopa chouma.

6. Mau Omaliza

Madikishonale athu, kuyambira ya David Clement Scott ya 1892, imene Alexander Hetherwick anaikonzanso mu 1929, mpaka Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa 2000, amandandalika mau motsata alifabeti. Motero kukunga, kumata ndi kuwamba zimabalalika m'masamba otalikirana, ndipo wowerenga sadziwa chimene chimayamba ndi chimene chimatsatira. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, koma ulemu umenewo sungasunge mau a mmisiri amene palibe wawalemba.

Tikupempha anzathu a Chinyanja cha ku Zambia ndi ku Mozambique, a Chisena, Chitumbuka, Chibemba ndi Chishona, kuti aliyense akakhale pansi ndi mmisiri pamene akukonza ng'oma, alembe mneni aliyense pamodzi ndi chinthu chochitidwacho ndi malo ake m'ndondomeko. Tikadzaika ndandanda zimenezi pamodzi, tidzaona pamene *-bamb- akali pa zikhomo ndi pamene anasamukira kumoto.