Tsiku limene khwangwala anagwa pamsonkhano ku Roma

Aroma akale sankafuna kuti munthu mmodzi akule mphamvu. N'chifukwa chake ankasankha atsogoleri awiri, otchedwa consul, ndipo chaka chikatha onse ankatula pansi udindo. Chimene chinagwedeza mwambo umenewu ndi tirigu.

Pofika chaka cha 67 BC, achifwamba a panyanja anali atanyanya. Anatentha zombo padoko la Ostia, pakhomo penipeni pa mzinda wa Roma, ndipo chakudya chinakwera mtengo. Aulus Gabinius, woyimira anthu wamba, anabwera ndi lamulo loti munthu mmodzi alamulire nyanja yonse ya Mediterranean kwa zaka zitatu, kuphatikizapo mtunda wa makilomita pafupifupi 75 kuchoka m'gombe. Dzina sanatchule, koma aliyense ankadziwa kuti akunena Pompey, mkulu wa asilikali wotchuka.

Akuluakulu a Senate, nyumba ya aphungu a Roma, anakana kwamtuwagalu. Trebellius, mnzake wa Gabinius paudindo, anayesa kuletsa lamulolo, Gabinius n'kuyambitsa voti yomuchotsa pampando. Magulu a ovota 17 mwa 35 atavota kuti achoke, kutatsala limodzi lokha kuti voti idutse, Trebellius anagonja. Woyimira anthu wamba winanso, Roscius Otho, mawu ake sankamveka chifukwa cha phokoso, choncho anangoimika zala ziwiri, kutanthauza kuti olamulira akhale awiri. Khamu linakuwa koopsa, mwakuti wolemba mbiri Plutarch analemba kuti khwangwala amene ankauluka pamwamba anagwera pakati pa anthu. Za khwangwalayo ine ndimakayika, koma zala za Otho zinkanena zoona.

Lamulolo linadutsa, ndipo vuto ndi lakuti linagwiradi ntchito. Tirigu anatsika mtengo Pompey asanakwere n'komwe chombo. Anagawa nyanja m'zigawo 13, ndipo ntchito ya zaka zitatu anaimaliza m'miyezi itatu. Ena mwa achifwamba ogonja anawapatsa malo okhala ku Soli, m'dera la Cilicia. Ndani akanatsutsanso? Chaka chotsatira, lamulo lina, lobwera ndi Manilius, linapatsa Pompey nkhondo yolimbana ndi mfumu Mithridates, katswiri wolankhula Cicero akuliikira kumbuyo.

Njira inali italambulidwa. Mu 59 BC lamulo lobwera ndi Vatinius linapatsa Julius Caesar asilikali ndi zigawo za kumpoto kwa zaka zisanu, ndipo mu 55 BC anamuwonjezera zina zisanu. Msilikali amene wakhala zaka zonsezo akuyang'ana kwa mkulu mmodzi pa za malipiro ndi munda wa paukalamba, Senate saiwerengeranso. Mu 49 BC Caesar anawoloka ndi asilikali ake mtsinje wa Rubicon kulunjika ku Roma, ndipo Senate, posowa pogwira, inathamangira kwa Pompey kuti aiteteze.