Kukweranso basi m'Chingerezi

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito yathu ife aphunzitsi a Chingerezi ndi kulowezetsa ana mawu ovuta. Ine ndimati ntchito yathu ndi kuphunzitsa mwana kudziwa malo a liwu lililonse, ndipo umboni wanga ndi mneni re-embark, amene ana a Fomu 4 amakonda kumuponya m'chimangirizo pofuna kugometsa ochonga mayeso a MANEB.

Pa Chichewa nkhaniyi njosavuta. Timakwera minibasi ya ku Chilinde, kabaza, sitima ya Ilala, ndege ku Lumbadzi, ngakhale mtengo wa mango, ndipo tikatsika n'kubwereramo timangoti takweranso. Chingerezi chimayamba chafunsa kuti wakwera chiyani. Embark anachokera ku Chifalansa, ndipo m'kati mwake muli barque, kutanthauza ngalawa. Choncho re-embark ndi kubwerera m'chombo chimene unatsikamo, ngakhale kuti masiku ano amanenanso za ndege. Munthu amene watsika Ilala pa Nkhata Bay kukagula nthochi, n'kubwerera chothamanga sitima isananyamuke kupita ku Likoma, ameneyo ndiye mwini mawuwa. Olemba mbiri ya nkhondo nawo amawagwiritsa ntchito posimba za asilikali obwezedwa m'zombo, monga ku Dunkirk mu 1940. Basi ili ndi mneni wake, reboard. Amene anayendapo wa ku Joni amadziwa kutsika pachipata cha Dedza, kuima pamzere wodinditsa pasipoti, kudikira katundu asechedwe, kenako kubwerera pampando, ndipo mwambo womwewo umawadikira ku Nyamapanda ndi ku Beitbridge. Koma za minibasi, Mngerezi weniweni amangoti get back on, ndipo ikakhala galimoto yaing'ono amati get back in.

Wina anditsutsa kuti mabuku ena otanthauzira mawu amalola embark pa galimoto ya mtundu uliwonse. Nzoona, koma bukulo limakuuza zimene liwu lingatanthauze, silikuuza mmene limvekere m'khutu la eni ake. Kulemba kuti anthu anachita re-embark apolisi apamsewu atamaliza kuwerenga okwera pamsewu wa Chidzanja kuli ngati kuvala suti popita kuchigayo: palibe lamulo laswedwa, koma aliyense akucheukira. Wina anenanso kuti mawu akuluakulu ndiwo amakopa ochonga, ndipo mwana sangachite zamasewera poti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE. Mantha amenewo ndimawamvetsa. Komatu liwu lalikulu limabwera ndi malamulo akenso. Reboard amagwira dzina mwachindunji, reboard the bus, pamene re-embark amaima yekha kapena amafuna on patsogolo pa dzina la chombocho. Mwana amene wangotola liwulo osadziwa zimenezi amalakwitsa pawiri, malo ndi galamala, pamene mnzake wolemba get back on wadutsa bwinobwino.

Pali msampha wina umene umachokera m'Chichewa mwathu momwemu. Minibasi ikachepa anthu panjira, kondakitala amakugulitsani kwa mnzake, ndipo ife timati takweranso ina. Apa reboard sagwira ntchito, chifukwa iye amanena za galimoto yomwe ija unatsika. Ukalowa ina, Chingerezi chimati change kapena transfer. Komanso kachidutswa kathu ka -nso kamasenza matanthauzo awiri, kubwereza ndi kuphatikiza, pamene re- wa Chingerezi amadziwa kubwereza koma sadziwa kuphatikiza. Tikati amalume anakweranso, mwina anatsika n'kubwereramo, mwinanso tikunena kuti nawonso anali m'gulu la okwera. Wolankhula Chichewa amazindikira yekha pomva nkhani yonse, koma womasulira m'khoti kapena mtolankhani wolemba za ngozi yapamsewu ayenera kufunsa kaye asanasankhe pakati pa reboarded ndi also boarded, chifukwa liwu loyambalo likuchitira umboni kuti munthuyo anali atatsikapo.