Matope a m'Chia amachokera kumtunda

Anthu akamva kuti ndimagwira ntchito ya zamadzi amayesa ndimakumba mijigo. Iyayi. Ntchito yanga n'kutsata dontho la mvula kuchokera pamene lagwa mpaka pamene likathera, n'kufunsa kuti latola chiyani m'njira.

Mukachoka pa Benga kulowera ku Nkhotakota boma pamsewu wa M5, imani pamlatho wa Chia m'mwezi wa Febuluwale. Madzi mudzawapeza ofiira ngati thobwa la mawere. Dothi limenelo si la pa Chia. Mtsinje wa Lifuliza ndi inzake imalinyamula kuchokera kumapiri a ku Ntchisi, kumene msodzi wa kuno mwina sanapondeko.

Dambo ndi sefa. Madzi akalowa m'bango liwiro limatha, matope amadikha, ndipo tiana ta chambo timapeza pobisala. Munthu akatentha bangolo, n'kulima dimba mpaka khasu kugunda madzi, gombe limagumuka ndi mvula yoyamba. Sindikunyoza mwini dimba. Tomato wakeyo ndiye fizi ya mwana. Koma mukasiya mzere wa nsenjere kapena vetiva m'mphepete, tomato mukolola ndithu ndipo munda sukokoloka.

Vuto lili pamapepala. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa khonsolo iliyonse mphamvu yokonza chitukuko ndi kuika malamulo ake, koma mphamvuzo zimathera pamalire. Khonsolo ya Nkhotakota singalipiritse wootcha makala ku Ntchisi. Ya Ntchisi nayo ingaonongerenji ndalama zake zochepazo pa nsomba zimene anthu ake sapha? Lamulo la zamadzi la 2013 linayesa kutseka mpatawu polola makomiti oyang'anira dera lonse lothira madzi mumtsinje umodzi, posaona kuti ndi boma liti.

Kugwirizana kwa maboma kunayesedwapo kale. Cha m'ma 2005, bungwe la Total LandCare, ndi thandizo la USAID, linagwira ntchito ndi maboma awiriwa pamodzi poteteza Chia kuyambira kumtunda. Chimandidandaulitsa n'choti mgwirizano wotere kwathu kuno umayenda ndi ndalama za pulojekiti, ndipo zikatha aliyense amabwerera kuofesi kwake.

Inu a makomiti a m'madoko (BVC) ndi mafumu a kwa Mwadzama, khansala wanu akabwera mufunseni kuti adakhala liti pansi ndi mnzake wa ku Ntchisi.