Tsiku Lootcha Mbiya

Kodi mudaonapo mbiya zikupsa pamoto? Amayi oumba a m'mbali mwa nyanja, ku Chintheche, Kande ndi Usisya, amalidziŵa tsiku limeneli. Ndi tsiku la chimwemwe, komanso la mantha. Ntchito ya masabata aŵiri itha kuonongeka pa kanthaŵi kochepa.

Mbiya yongoumba kumene ikadali dothi. Mukaithira madzi isungunuka. Moto ndiwo umailimbitsa. Koma motowo sufuna phuma.

Choyamba, mbiya iume bwino pamthunzi. Ku Nkhata Bay kumagwa mvula yambiri, choncho nthaŵi yabwino yootcha ndi chilimwe. M'dothi lonyowa muli madzi. Madziwo akatentha amasanduka nthunzi. Nthunzi ikasoŵa potulukira, mbiya imaphulika kuti phuu! Peŵaninso tsiku la mwera. Mphepo ikaziziritsa mbali imodzi, mbiya imachita ming'alu.

Pootcha, amayi amayala nkhuni pansi. Amasanja mbiya pamwamba pake, nkuzifunditsa nkhuni zina ndi udzu. Moto ukakolera, nkhuni zimathetheka. Kumaso kumatentha, thukuta lili kamukamu, mtima uli phaphapha. Madzi amaŵira pa madigiri 100, koma moto uwu umafika madigiri 600 mpaka 900. Mbiya imafiira kuti psuu, ngati khala lamoto. Apa ana akhale patali ndithu.

Moto ukazilala, amatulutsa mbiya ndi mtengo wautali. Ikazizira amaigogoda ndi chala. Ikalira kuti ngwee, yapsa bwino, ndipo pamenepo nthungululu. Ikalira mogonthera, ili ndi mng'alu.

Ena amaotchera mu uvuni, kanyumba ka njerwa kosunga kutentha. Ku Dedza Pottery, imene idayamba mu 1987, makapu ndi mbale zimapsa mu uvuni wotentha kuposa madigiri 1,000. Satsekula uvuniwo msanga. Amadikira uzizire.

Nalo galasi ndi mwana wa moto. Amalipanga ndi mchenga, soda ndi laimu, pa moto wa madigiri pafupifupi 1,500. Ku Ngwenya Glass, m'dziko la Eswatini, amasungunula mabotolo akale. Mmisiri amatapa galasi lofiira ndi chitsulo chachitali chobooka. Limanyololoka ngati uchi. Iye amauzira mpweya m'chitsulomo kwinaku akuchizunguza, ndipo galasi limatupa nkukhala kapu. Akachedwa limauma asanamalize. Nalonso liyenera kuzizira pang'onopang'ono, apo ayi lisweka.

Tsono, anzanga, lamulo ndi limodzi: umitsani bwino, tenthetsani pang'onopang'ono, ziziritsani pang'onopang'ono. Mukatero nkhuni zanu sizipita pachabe, ndipo mphika wanu udzaphika usipa zaka zambiri.

Mafunso
1. Nchifukwa ninji mbiya yonyowa imaphulika pamoto?
2. Mbiya yakupsa bwino timaidziŵa bwanji?
3. Tchulani zinthu zitatu zopangira galasi.