Zombo Zankhondo Pamwamba pa Phiri la Domwe

Chisanu cha mu June chikagwira ku Domwe, mitambo imathawa usiku ndipo nyenyezi zimachita kuti waliwali. Phiri la Domwe, lomwe nsonga yake ili pamtunda wa mamita opitirira 2,000, limangooneka chimthunzi chakuda bii, mlalang'amba utayala pamwamba pake ngati ufa wotayikira m'njira. Makolo ankadzuka kuyang'ana nthanda kuti adziwe ngati kunja kwatsala pang'ono kucha. Adzukulu awo ena masiku ano amayenda pakati pa nyenyezi atafunda bulangete, maso ali pa foni, zala zikuwongolera chombo cha m'mlengalenga.

Ambiri a m'boma la Angónia, komwe kuli Domwe, amene anagwirapo foni ya mabatani anamenyapo kale nkhondo yotereyi osadziwa. Nokia 3310, yomwe inatuluka mu 2000, inkabwera ndi gemu yotchedwa Space Impact: kachombo kotuwa kamayenda kulowera kumanja, adani akubwera m'magulumagulu, ndipo pamapeto pa gawo lililonse pamatulukira chimdani chachikulu chofuna zipolopolo zambiri. Foni yomweyo inalinso ndi Bantumi, gemu yapachibale ndi bawo. Nokia 1100 ya mu 2003, ija ya tochi, inapitiriza mwambowu ndi Space Impact+.

Koma mu Space Impact munthu amangowombera basi. Magemu amene tikunena pano, omwe osewera amawatcha action RPG, amawonjezera moyo wathunthu pamwamba pa kuwomberako. Wosewera amavala udindo wa munthu wina, mwina woyendetsa chombo amene wayamba ali chimanjamanja. Amalandira maganyu, amapeza ndalama za m'gemumo, amagula zida, amasankha gulu loti agwirizane nalo, ndipo luso lake limakwera pang'onopang'ono. Nkhondo ikabuka palibe kudikirana ngati pa bawo kuti mnzako atape kaye. Amene wachedwa kukhota, chombo chake chimasanduka phulusa.

Gogo wa magemu amenewa ndi Elite, yomwe anyamata awiri a pa yunivesite ya Cambridge, David Braben ndi Ian Bell, anaitulutsa mu 1984. Wosewera ankayamba ndi chombo chimodzi, Cobra Mk III, ndi mpamba wa ndalama 100 zokha. Ankagula katundu pamene watchipa, monga chakudya pa pulaneti ya alimi, n'kukagulitsa pamene wadula, achifwamba akumudikirira m'njira. Wogeni aliyense wa mbatata ya kachewere amene anapakirapo matumba ku Domwe kupita nawo ku Ulongwe kapena kumalire a Calomue ndi Dedza angaimve gemu imeneyi popanda womufotokozera. Mafunso ake ndi omwewo: mtengo uli bwanji kutsogoloku, mafuta akwana kodi, njira yachidule ndi yabwino kapena kuli zoopsa, phindu la lero ligulidwe katundu wina kapena likonzetse galimoto? Chodabwitsa n'chakuti gemu yonseyi, ya milalang'amba 8 uliwonse wa mapulaneti 256, inkayenda pa kompyuta ya BBC Micro ya makilobayiti 32. Chithunzi chimodzi chotumizirana pa WhatsApp nthawi zambiri chimaposa pamenepo. Anyamatawa sanasunge pulaneti iliyonse payokha. Analemba kachinsinsi ka masamu komwe kamabala mayina, mitengo ndi maboma a mapulanetiwo nthawi iliyonse gemu ikatsegulidwa.

Nkhondo yeniyeni ya zombo ndi imene imakometsa zonsezi, ndipo si ya kungopanikiza batani. Mu Starfield, yomwe kampani ya Bethesda inatulutsa pa 6 September 2023, mphamvu ya chombo ndi yowerengeka ndipo woyendetsa amaigawa yekha pakati pa mfuti, injini, chishango ndi makina odumphira ku nyenyezi ina. Akaunjika mphamvu ku mfuti, chishango chimachepa mphamvu. Akaiunjika ku chishango, chombo chimayenda mwaulesi ngati ngolo yodzadza. Mfuti za kuwala zimathyola chishango cha mdani msanga, pamene zipolopolo zimaboola chitsulo cha chombocho, choncho wodziwa amayamba ndi mfuti za kuwala n'kumalizira ndi zipolopolo. Wochenjera kwambiri saphulitsa chombo cha mdani n'komwe: amalasa injini yokha, n'kulumikiza chombo chake, kulowa ndi mfuti m'manja, n'kulanda chonsecho. Mwana wa Chingoni amene anaonerapo gule wa ngoma, amuna atanyamula chishango kumanzere ndi chibonga kumanja, safunsa kawiri chifukwa chake dzanja limodzi silingagwire ntchito zonse ziwiri.

Pa mafoni, dzina limene linatchuka ndi Galaxy on Fire 2, yopangidwa ndi kampani ya Fishlabs ya ku Hamburg, momwe wosewera amakhala Keith T. Maxwell, wankhondo waganyu amene amakumbanso miyala ya mtengo wapatali m'mlengalenga. Ena mwa amene anaipanga anadzayambitsa Rockfish Games, yomwe mu 2023 inatulutsa Everspace 2. M'menemo adani ogonja kawirikawiri amataya zida, ndipo wosewera amatola, kuyerekeza ndi zomwe ali nazo, n'kusintha, ngati makaniko wa njinga zamoto amene sataya sipeya.

Vuto lili pa kukula kwa magemu amenewa. Starfield ili ndi mapulaneti opitirira 1,000 ndipo imafuna malo okwana magigabayiti 125 pa kompyuta yamphamvu kapena pa Xbox yatsopano. Kwa wachinyamata amene amagula mamega a Movitel, Vodacom kapena Tmcel pang'onopang'ono kudzera pa e-Mola kapena M-Pesa, kukopera gemu yotere n'chimodzimodzi kutunga madzi odzadza thanki ndi chikho. Ndiye pali magetsi. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chomwechi cha Tete, koma m'midzi yambiri ya ku Angónia foni imatchajidwa pa sola kapena kumsika. Intaneti ya Starlink inafika ku Mozambique ndi ku Malawi mu 2023, koma mtengo wa chipangizo chake si wa mlimi wamba. N'chifukwa chake magemu a mpira ndi Free Fire, omwe amayenda pa foni yotchipa, ndi amene amamveka kwambiri pakati pa achinyamata. Mwayi umodzi ulipo ndithu: mawu olembedwa mu Starfield alipo m'Chipwitikizi cha ku Brazil, choncho wophunzira wa ku Domwe angatsatire nkhani yake kuposa mmene ambiri angaganizire.

Kholo likapeza mwana akusewera, lingamuthandize kulekanitsa zoona ndi zopeka. Kumlengalenga kulibe mpweya wonyamula mawu, ndiye mabingu onse a mfuti zija ndi zokometsera chabe. Mitunda nayo anaifupikitsa. Mzinda waukulu wa mu Starfield uli ku Alpha Centauri, nyenyezi zoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, koma kuwala kwake kumatenga zaka zopitirira 4 kuti kufike kuno, ndipo chombo cha Voyager 1, chomwe chinanyamuka mu 1977, chingafune zaka zopitirira 70,000 kuti chiyende mtunda wotero. Pa nkhani ya ndalama m'pofunikanso maso: Star Citizen, yomwe inayamba kusonkhetsa ndalama mu 2012, imagulitsa zombo za m'gemu pa madola enieni.

Chimene chimamupweteka mlembi wa nkhani ino n'chakuti m'magemu otchukawa nthano zathu mulibe. Komatu maloto a m'mlengalenga si achilendo kuno. Mu 1964 mphunzitsi wa ku Zambia, Edward Makuka Nkoloso, ankaphunzitsa achinyamata kufupi ndi Lusaka pofuna kuwatumiza ku mwezi. Anthu anamuseka, koma lero mafilimu ndi zithunzi zimamukumbukira. Ndipo nkhani yaikulu ya magemu amenewa, ya mtundu wa anthu wosamuka ndi ana ndi chuma chawo kufunafuna malo atsopano, kumenya nkhondo ndi kupalana ubale m'njira, ndi mbiri ya Angoni a kwa Maseko, amene anachoka kummwera, n'kukafika mpaka ku Songea ku Tanzania, kenako n'kubwerera kudzakhazikika kuno ku Domwe motsogozedwa ndi Chidyaonga.

Ena mu Africa anayamba kale kupanga magemu a nthano zawo. Ku Cameroon, kampani ya Kiro'o Games ya Olivier Madiba inatulutsa action RPG yotchedwa Aurion mu 2016, yozikidwa pa zikhalidwe za mu Africa, ngakhale kuti kuzimazima kwa magetsi kunkawabwezera m'mbuyo. Pulogalamu yopangira magemu ya Godot ndi yaulere, malangizo ake ambiri amapezeka m'Chipwitikizi, ndipo tsopano imatsegukanso pa foni ya Android.