Injini ikamalira pamwamba: chenjezo kwa eni machapa ndi magalimoto a katundu

ULÓNGUÈ — Nyengo yokolola ikafika m'maboma a Angónia ndi Tsangano, magalimoto sapuma. Mbatatesi, chimanga, nyemba ndi kabichi zimatsika msewu wodzera pa Mussacama kupita ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, ulendo wa makilomita opitirira 200. Zina zimapita kumisika ya m'malire, ku Calómuè ndi ku Zóbuè. Galimoto ikafera panjira, mbatatesi imaola m'matumba, mlimi amataya msika, ndipo wodwala amene amapita kuchipatala cha chigawo amagona m'mbali mwa msewu.

Chikhazikitsireni mtendere pa 4 Okutobala 1992, anthu atabwerera kuchokera ku Malawi kumene adathawira nkhondo, mabanja ambiri akhala akugulitsa ng'ombe ndi fodya kuti agule galimoto. Zambiri mwa izo ndi Toyota Hiace ndi Hilux zogwiritsidwa kale ntchito, zokhala ndi injini ya dizilo ya mtundu wa 2L, 3L kapena 5L. Injini zimenezi n'zolimba. Koma pali malo awiri amene zikanyalanyazidwa zimafera: kamushafuti ndi lamba woizunguza. Mwayi wake ngwakuti nthawi zambiri injini imayamba yachenjeza. Chofunika n'kudziwa kumvera.

Ntchito ya kamushafuti

Chitsulo chimenechi pa Chipwitikizi amati árvore de cames. Ndi mtanda wautali wogona m'mutu mwa injini, wokhala ndi timalinunda tooneka ngati dzira. Ikamazungulira, timalinundato timakankha mavalavu, amene ndi zitseko za injini. Ena amalowetsa mpweya, ena amatulutsa utsi.

Pansi pali kirankishafuti, imene imazunguzidwa ndi mapisitoni. Ziwirizi zimalumikizidwa ndi lamba wa mano, ndipo pa injini tatchulazi lamba yemweyo amazunguzanso pampu ya dizilo. Kirankishafuti ikazungulira kawiri, kamushafuti imazungulira kamodzi. Injini ikamathamanga maulendo 3,000 pa mphindi, valavu iliyonse imatseguka ndi kutsekeka ka 25 pa sekondi imodzi.

Taganizani amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Misi yawo imalowa malo amodzi, koma mosinthana. Mmodzi akaphonya nthawi, misi imagundana. Pisitoni ndi valavu zilinso chimodzimodzi. Kugwirizana kwa nthawi kumeneku ndiko amakaniko amakutcha taimingi.

Kusiyanitsa kulira kwake

Injini ya dizilo ndi yaphokoso kale, ndiye si kulira kulikonse kumene kuli matenda. Woyendetsa amene amaidziwa galimoto yake amazindikira pakabwera mawu achilendo. Makaniko amatenga sikuludiraiva yaitali kapena ndodo youma, mbali ina n'kuika pachitsulo, ina pakhutu, n'kumasuntha mpaka apeze pamene phokoso likuchokera. Pochita izi malaya ndi zala zikhale kutali ndi fani ndi malamba.

Phokoso la kamushafuti ndi mavalavu ndi lopepuka, la "te-te-te", ndipo limamveka pamwamba, pachivundikiro cha mutu wa injini. Mukaponda mafuta limafulumira, mukasiya limachedwa. Pa Hiace yokhala ndi injini pansi pa mpando wakutsogolo, woyendetsa amalimva msanga kuposa wina aliyense.

Phokoso lolemera la "gu-gu-gu" lochokera pansi, lokula galimoto ikamakwera chitunda ndi katundu, ndi nkhani ina. Amenewo kawirikawiri amakhala mabering'i a kirankishafuti. Zimitsani injini pomwepo. Kulira kosongoka ngati likhweru kutsogolo nthawi zambiri ndi lamba wa fani amene wakhwepa. Koma mukamva kukhulana kapena kung'ung'udza kuseri kwa chivundikiro cha lamba wa taimingi, ndiye kuti kagudumu kokunga lambayo katha, ndipo ngozi ili pafupi.

Choyamba ndi oyilo

Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, imikani galimoto pamalo osatsetsereka, zimitsani injini, dikirani mphindi zingapo, muyeze oyilo. Oyilo amakhala pansi pa injini, kamushafuti ili pamwamba penipeni. Ndiyo imalandira oyilo pomalizira. Akachepa, ndiyo imayamba kuuma.

M'misewu yathu yafumbi ya ku Dómuè ndi ku Furancungo, oyilo amada msanga. Akakhalitsa amasanduka phala lotseka timipata timene amadutsamo popita kumutu. Oyilo wa m'mabotolo opanda chizindikiro, amene sitidziwa kumene wachokera, amatha kukhala wotsanulidwa m'injini ina. Ndalama yopulumutsidwa pamenepo imakathera pa kamushafuti yatsopano. Posintha oyilo musinthenso fyuluta yake, ndipo fyuluta ya mpweya iziyang'anidwa pafupipafupi m'chilimwe.

Oyilo akakhala bwino koma phokoso n'kumapitirira, makaniko amatsegula chivundikiro. Timalinunda tabwino timakhala tosalala ndi tonyezimira. Tikakhala ndi mikwingwirima, timaenje, kapena nsonga yaphwaphwatika, kamushafuti yatha ndipo palibe kuikonza ndi fayilo.

Kenako amayeza mpata wa pakati pa kalinunda ndi chokankhira valavu, injini ili yozizira, pogwiritsa ntchito tizitsulo topyapyala toyezera. Pa injini ya 3L mpatawu ndi mamilimita 0.20 mpaka 0.30 kumavalavu olowetsa mpweya, ndi 0.40 mpaka 0.50 kumavalavu otulutsa utsi. Amaukonza posintha tizitsulo tozungulira ngati ndalama yachitsulo, totchedwa mashimu. Injini iliyonse ili ndi muyezo wake, wolembedwa m'buku lake.

Apa pali msampha. Mpata ukakula, injini imalira. Ukachepa kwambiri, injini imakhala chete, koma valavu sitsekeka bwino ndipo imapsa. Choncho musamuuze makaniko kuti angothetsa phokoso. Muuzeni ayeze.

Lamba ali ndi nthawi yake

Lamba wa taimingi, amene Apwitikizi amati correia de distribuição, kawirikawiri salira asanaduke. N'chifukwa chake a Toyota adaika nyali yolembedwa T-BELT patsogolo pa woyendetsa. Pa injini zimenezi lamba amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 alionse. Chapa choyenda tsiku ndi tsiku pakati pa Ulónguè ndi Tete, kupita ndi kubwera, chimakwanitsa mtunda umenewo chaka chisanathe.

Nyali ija imangowerenga makilomita, siona lamba. Munthu angathe kuizimitsa lamba wakale ali momwemo. Mukagula galimoto yopanda umboni wa tsiku limene lamba adasinthidwa, msintheni musanayambe ntchito. Lamba amakalambanso ndi zaka ngakhale galimoto itangoima, ndipo oyilo akamudonthera amafooka msanga.

Akaduka injini ikuthamanga, kamushafuti imaima, mavalavu ena ali otseguka, pamene mapisitoni akupitiriza kukwera. Mavalavu amapindika, ndipo nthawi zina kamushafuti imathyoka kapena mutu wonse umaonongeka. Mtengo wa lamba ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi wa ntchito imeneyo.

Kutchera taimingi

Ntchitoyi siyongoganizira. Makaniko amachotsa waya wa batire, n'kuzunguza injini ndi sipanala mpaka pisitoni yoyamba ifike pamwamba penipeni. Pali zizindikiro zitatu zoyenera kulunjika pamalo ake nthawi imodzi: cha pagudumu la kirankishafuti, cha pagudumu la kamushafuti, ndi cha pagudumu la pampu ya dizilo.

Lamba akachotsedwa, magudumu amenewa asazunguzidwe mwachisawawa. Lamba watsopano asapindidwe ndipo asagwidwe ndi manja a oyilo. Ndi nzeru kusinthira limodzi kagudumu kokunga ndi kotsogolera lamba, komanso masilo ngati akudontha, popeza kagudumu kakale kangathe kupha lamba watsopano.

Gawo lomaliza ndi limene othamangira ndalama amalidumpha. Injini isanalizidwe, izunguzidwe ndi dzanja kawiri kathunthu, kumbali imene imazungulira nthawi zonse. Ikakana penapake, osakakamiza, chifukwa ndiye kuti pisitoni yakhudza valavu. Ikatha maulendo awiriwo, zizindikiro zitatu zija zibwerere pamalo ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dzino limodzi lokha likaphonya, galimoto imavuta kulira m'mawa, imatulutsa utsi wambiri, imamwa mafuta, ndipo imalephera zitunda zimene inkakwera mosavuta. Mukaona zimenezi mutangochoka kugalaja, bwererani tsiku lomwelo.

Injini zina zili ndi tcheni m'malo mwa lamba. Tcheni chimakhalitsa, ndipo chikatamuka chimachita phokoso ngati unyolo wokwekwerezeka, makamaka poliza m'mawa. Nachonso chili ndi zizindikiro zake, ndipo lamulo ndi lomwelo.

Kwa mwini galimoto

Si eni magalimoto onse amene amadziwa kugwira sipanala. Ambiri ndi alimi ndi amalonda amene adapereka makiyi kwa mwana kapena mphwawo. Komabe pali zimene aliyense angathe. Sungani kope m'galimoto, muzilembamo tsiku ndi makilomita pamene oyilo ndi lamba zasinthidwa. Pemphani makaniko akuonetseni lamba wakale ndi bokosi la watsopano. Mufunseni ngati wazunguza injini ndi dzanja. Makaniko wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso otere, ndipo paja safunsa adadya phula.

Woyendetsa akanena kuti wamva kulira kwachilendo, musamuumirize kuti apite kaye ulendo umodzi chifukwa katundu wapakiridwa kale. Tsiku limodzi kugalaja ya pa Ulónguè n'lotsika mtengo kusiyana ndi mwezi wathunthu wodikira mutu wa injini kuchokera ku Tete kapena ku Blantyre, mbatatesi ya mudzi wonse ikudikira m'mbali mwa msewu.